Kabawuti ka Mkuwa ka a Doeke

A Doeke Wiersma a ku Harlingen ndi mwana wa malemu a Sjoerd Wiersma, amene ankawotcherera zitsulo za zombo padoko, ndi malemu mayi Baukje, amene anasoka matanga a maboti mpaka maso anawakana. Ana a a Doeke alipo awiri: Hidde, amene amagwira ntchito pachombo chopita kuchilumba cha Terschelling, ndi Rinske, mayi wa mwana mmodzi, injiniya wa makoma otchinga nyanja. Mayi wa anawa, a Geartsje, anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Banja limeneli aliyense kuno amalidziwa pa zinthu ziwiri: manja awo saopa chitsulo, ndipo pakamwa pawo sipatuluka bodza. Wotsutsa abwere adzatsutsire pamaso pathu.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi a Doeke anazithera m'mimba mwa maboti a asodzi, kukonza mainjini. Injini ankaimva ndi khutu ali pamtunda, n'kunena chavuta asanatsike n'komwe. Atapuma pantchito, chipinda chakumaso chimene ankagwiriramo ntchito anachipereka kwa Rinske kuti chikhale ofesi yake. Anatulutsamo zonse, kupatula zitini zakale za fodya zimene zinandandalikana pashelefu, zodzaza mabawuti a mkuwa, pakuti mkuwa suchita dzimbiri m'madzi a mchere.

Pakati pa tebulo pankakhala laputopu ya Rinske. Sinali ngati timalaputopu topyapyala toonera mafilimu. Inali yochindikala, yolemera ngati njerwa ziwiri, yokhala ndi mafani awiri oiziziritsa amene ankalira ikamagwira ntchito yolemetsa. M'menemo ndi mmene Rinske ankajambula chipata chatsopano cha madzi, n'kumachitembenuza mbali zonse pagalasi, ndipo Lachinayi lililonse ankaiika m'chikwama cha panjinga kupita nayo kubungwe loyang'anira madzi. Anaigula ndi waranti ya zaka zitatu: ikawonongeka, kampani imatumiza wokonza kunyumba mawa lake. Mwana wosamala uja anawonjezeranso ya ngozi, yoti ngakhale utaigwetsa kapena kuiwononga wekha mwangozi, amakonzabe.

Teni koloko iliyonse a Doeke ankalowa ndi makapu awiri a khofi ndi bisiketi imodziimodzi.

"Yayambanso kubuula ng'ombe yako," anatero tsiku lina.

"Memori yachepa, Ababa. Chipata ichi chili ndi mabawuti ambiri kuposa zitini zanu zonse. Ndikachitembenuza, ndimatha kumaliza khofi isanandiyankhe."

"Ndiye uwonjezere."

"Ntchitoyi ikatha ndidzapita nayo kwa odziwa."

Odziwa! Mawuwo anawakhala pachifuwa a Doeke ngati munga wa nsomba. Anakopera nambala ya pansi pa laputopuyo kuseri kwa envulopu, nakwera sitima yapamtunda ya ku Leeuwarden, nabwerako ndi timatabwa tiwiri ta memori m'thumba la jekete. Loweruka, Rinske atawoloka kupita ku Terschelling kwa mchimwene wake, iwo anayala thaulo loyera patebulo, naigadamitsa laputopuyo. Timabawuti khumi takuda anatiika m'sosala. Ntchito yake sinafike ndi theka la ola lomwe. Koma potseka, kabawuti komaliza kanapulumuka m'zala, kanagudubuzika, n'kulowa pampata wa matabwa a pansi. A Doeke sanade nkhawa. Anatsitsa chitini, nasankha kamodzi ka mkuwa kolowa bwinobwino. Kanali katali pang'ono, mwina ngati kuchindikala kwa chikhadabo. Pabwato palibe akanazindikira.

Lolemba Rinske anafuula ali muofesi: "Ababa, bwerani mudzaone! Ng'ombe yachira yokha!"

A Doeke anaima kumbuyo kwake manja ali m'thumba, chipata chikuzungulira pagalasi ngati kapu m'dzanja. Anaganiza zodzamuuza patsiku lokumbukira kubadwa kwake, Lamlungu lachiwiri kutsogoloko, anthu akudya buledi wa shuga, Hidde ali pomwepo kuti amve.

Lachinayi Rinske anabwerako kumsonkhano nkhope ili gwaa. Laputopu inali itazima pamaso pa anthu asanu ndi anayi, iye ali pakati pofotokoza, ndipo sinayakenso. A Doeke anaiweramira ngati akuiyang'ana chabe. Mphuno yawo inamva kafungo kopserera, kochokera pangodya imene panali kabawuti kawo. Anakakhala kukhitchini, ndipo kuchokera kumeneko anamumva mwana wawo akuyankha pafoni mafunso a kampani.

"Ayi, sinagwe. Ayi, sinanyowe. Ayi, palibe amene anaitsegulapo."

Apa n'pamene akanayankhula. Chitseko chinali chotsegula, mtunda wa mapazi asanu okha. Koma zimene anachita m'mawa mwake n'zimene mpaka lero zimawachititsa kuyang'ana pansi akamadutsa patebulo lija. Rinske ataperekeza mwana wake kusukulu, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu anatsegulanso laputopu ngati mbala, nazula timatabwa tawo tija. Pabolodi yaikulu ya m'kati mwa laputopuyo, pansi penipeni pa bowo la kabawuti kaja, panali kadontho kakuda kopserera. Anakwawa ndi tochi kufunafuna kabawuti kotayika, osakapeza. Kusiya bowo lopanda kanthu sakanatha, choncho anabwezerapo ka mkuwa komweko, n'kukadetsa kumutu ndi cholembera chakuda.

Wokonza anafika isanakwane teni. Anali Evert Bosga, bambo wadazi, wansangala, wonyamula bolodi yatsopano m'katoni.

"Wodwala ali kuti?" anafunsa akupukuta nsapato. "Ee, ndi chimphona ichi! Mayi, mumachinyamula panjinga? Mawilo sadandaula?"

"Amene amadandaula ndi msana wanga," anatero Rinske.

"Musanandimwetse khofi, sainani apa. N'zomwe zija munanena pafoni, kuti sinatsegulidwepo."

Rinske anasaina ndi siginecha yake yaikulu ija, imene imakhala pansi pa mapulani a makoma. A Doeke anali pakhomo ndi thireyi. Evert anamasula kabawuti koyamba akuimba mluzu, kachiwiri, kachitatu. Atafika pangodya mluzu unaleka. Anayang'ana chala chake chachikulu, chimene chinali chitada ndi inki. Anaika kabawutiko pafupi ndi kanzake, ndipo kanaonekeratu kutalika kwake, mkuwa ukunyezimira. Kenako maso ake anakwera pang'onopang'ono mpaka pashelefu ya zitini, n'kutsikira pa a Doeke.

"Mayi Wiersma," anatero Evert mofatsa, "aka si kathu. Kamakanda bolodi nthawi iliyonse njinga ikagunda mwala, mpaka kanaboola. Munthu anatsegulapo muno."

"N'zosatheka. Ababa, munaonapo munthu akuigwira?"

"Ayi," anatero a Doeke. Liwu limodzi lokha, ndipo linatuluka mosavuta mpaka iwo eni anadabwa.

Evert anadzikanda padazi. "Tamverani. Kutsegula si mlandu, anthu amawonjezera memori tsiku ndi tsiku. Ndipo inu muli ndi waranti ya ngozi. Tiyeni ting'ambe fomuyi, mulembe ina yoti inatsegulidwa ndipo panalakwika kabawuti. Bolodi ili m'katoni umu, pofika masana ng'ombe yanu ikhala ikudya msipu."

"Mukundiuza kuti ndilembe bodza?"

"Ndikukuuzani kuti mulembe zimene maso anga akuona."

"Bambo, siginecha yanga anthu amagona kuseri kwake nyanja ikakwiya. Sindisaina chimene sichinachitike. Ngati muli kabawuti kolakwika, kanachokera kufakitale kwanu."

Ndi mwana wa Geartsje ameneyo, mutu ngati nangula. Evert anadikira kanthawi, osayang'ana aliyense, ngati akupereka mpata. Mpatawo unadutsa. Anajambula zithunzi, natseka katoni yake, nathokoza chifukwa cha khofi amene sanamwe.

Patapita sabata kalata inabwera. Kampani inati zimene mayi Wiersma anasainira sizinali zoona, choncho nkhaniyo yatsekedwa. Rinske anaiwerenga kawiri ali chilili, makutu atafiira. Laputopu yobwereka kwa mnzake inkatenga m'mawa wonse kutsegula chipata chija, koma zimenezo sizinamupweteke ngati mawu akuti sizinali zoona. Tsiku lokumbukira kubadwa kwake nkhani inali yomweyo.

"Anditcha wabodza, Hidde. Ine!"

"Ndiwe wouma mutu, wokonda kulamula, ndiponso suphika bwino," anatero Hidde akudula buledi, "koma wabodza ayi. Ababa, simukudya?"

"M'mimba," anatero a Doeke.

"Ndaganiza bwino," anapitiriza Rinske. "Amene anagwira chomasulira m'chipinda chija ndi mmodzi yekha, wadazi uja. Anataya kabawuti kathu, n'kuikapo kake, ndiye amafuna ndimusainire kuti apulumuke. Ndalemba kale dandaulo. Dzina lake lili pamwamba."

"Watumiza?" anafunsa a Doeke.

"Dzana."

Lolemba a Doeke sanabweretse khofi. Anavala jekete imene amavala kumaliro, natenga timatabwa tija, lisiti lake ndi chitini chonse, nakwera sitima ya ku Zwolle kumene kuli malo okonzera a kampaniyo. Kumeneko anawauza kuti a Bosga awaimitsa kuyendera anthu mpaka dandaulo litafufuzidwa, ali kuseri akulongedza makatoni. Atawaitanira, Evert anatuluka akupukuta manja.

"Achikulire a zitini," anatero. "Mwachedwatu. Khofi uja anazizira."

A Doeke anavula chipewa. Pamaso pa Evert ndi mkulu wake wa pantchito ananena zonse: envulopu, thaulo, mpata wa matabwa, ngakhale cholembera chakuda. Anazilemba papepala, nasaina.

"Inu munadziwa tsiku lomwe lija," anatero kwa Evert. "Bwanji simunanene?"

"Ine ndimakonza makompyuta, bambo. Zoulula atate a eni pamaso pa ana awo sanandiphunzitse. Mwamuuza mwana wanu?"

A Doeke anazunguza chipewa m'manja.

"Haa! Ndiye mwakwera sitima maola awiri kudzauza dazi langali, kusiya munthu amene mumamwa naye khofi?"

Pobwerera anakonza mawu kuyambira ku Zwolle mpaka ku Harlingen. Atafika anapeza Rinske ali pafoni, ndipo anati adzanena mawa. Mawa lake Rinske anali ndi msonkhano. Lachitatu kalata ya kampani inawapitirira: inati tsopano zadziwika kuti laputopu inatsegulidwa mayi Wiersma asakudziwa, mawu aja awabweza, ndipo akonza pa waranti ya ngozi. Pansi pake anamatapo pepala la a Doeke, ndi siginecha yawo.

Iwo anali kukhitchini pamene envulopu inang'ambidwa. Anadikira kufuula, kumenyetsa chitseko, chilichonse. Anangomva mpando ukukhuluzika, kenako zii.

Evert anabweranso Lachisanu. Rinske anamuchingamira panja, pamsewu, pamene anthu oyandikana nawo akanatha kuona, namupepesa mokweza mawu, maso ali pa iye. Umo ndi mmene anabadwira. Bolodi inalowa, mafani analira, chipata chinabwerera pagalasi, chikutembenuka mwaulesi monga kale. Ponyamuka Evert anasiya kabawuti ka mkuwa patebulo. Rinske anakatola, nakaimika pawindo, pakati penipeni, pamene a Doeke amaika thireyi.

Chipata chija anachimanga, ndipo chagwira kale mafunde a nyengo zozizira ziwiri. Rinske sanasamutse ofesi, sanasiye kuwagulira atate ake nsomba Loweruka, ndipo za nkhaniyi sanafunsepo. Memori ina sanagule. Akudziwa kuti timatabwa tiwiri tili m'dirowa ya kukhitchini, m'pepala lake lomwe lija, ndipo a Doeke akudziwa kuti sangatipereke asanayambe anena mawu amene ananena kwa alendo ku Zwolle.

Teni koloko iliyonse amalowa ndi makapu awiri. Amasuntha kabawuti pang'ono kuti thireyi ikhale, ndipo Rinske amachotsa manja pa laputopu, n'kutembenuza mpando, n'kuwayang'ana.

"Rinske," amatero a Doeke.

"Ababa."

Mafani amalira. A Doeke amayang'ana kabawuti, kenako kudoko.

"Mphepo yatembenukira kumpoto."

"Ndaona, Ababa," amatero Rinske. Akatuluka, amakabwezera kabawuti pakati pa windo.