Diso la Che Saidi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera mu minibasi ya ku Chitawira. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene ankasesa pa koleji ina m'tauni, anandinong'oneza kuti a Dokotala Kamwendo, mphunzitsi wa sayansi ya nyenyezi, akufuna wonyamula zida. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri, satifiketi ili m'sutikesi. Kutacha ndinali pa ofesi yawo, nsapato zobwereka.

A Dokotala ankafufuza nyenyezi zomwe zili ndi mapulaneti ake, monga dzuwa lathu lilili ndi dziko lino. Mapulanetiwo ali kutali zedi, ambiri saoneka. Chimene akatswiri amayeza n'chakuti pulaneti likamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumachepa pang'ono, ngati ntchentche yadutsa pa babu. Zimenezo zinali za pa kompyuta. Yanga inali ya manja: kuimika miyendo itatu, kumangapo telesikopu, kupukuta magalasi ndi kansalu kake, osati chitenje. Poyang'ana dzuwa, kukamwa kwa telesikopu tinkavekako fyuluta yochepetsa kuwala n'kumata ndi tepi. Pamwamba pake pamakhala katelesikopu kena kolozera, kopanda fyuluta. Pa kameneko anandiuza tsiku loyamba: "Chivindikiro chisachoke, Esinati. Dzuwa likamapsereza diso silipweteka, munthu amadziwa zitatha."

Tsiku lina masana pulaneti la Mekyuri linkadutsa kutsogolo kwa dzuwa. A Dokotala anati tikaonetse anthu ku Limbe, aone okha zimene iwo amayeza pa nyenyezi zakutali. Mmwenye wina wa sitolo ya nsalu anatilola kuima kutsogolo kwa khonde lake. Pakhondepo ankasokera telala wachikulire, Che Saidi, wa kofia yoyera, diso lakumanzere lili ndi ng'ala. Anatilandira ndi nthabwala. "Mwanangu, mzinga umenewu mukufuna kuombera ndani?"

Pomanga zida ndinapeza kuti chivindikiro cha kolozera palibe, chinagwera m'galimoto yomwe inatitula. Ndinachita mantha kunena. Ndinaphimbapo kampango kanga, mumtima ndikuti ndimata tepi anthu akachepa. Anthu ake ati ochepa ku Limbe? Mavenda, oitanira minibasi, amayi ochokera kumsika, mzere mpaka mumsewu, aliyense akufuna kuona kadontho kakuda padzuwa. Kampangoko sindikudziwa kuti kanagwa nthawi yanji.

A Dokotala anali atatembenuka, akujambulira anthu papepala. Che Saidi anatopa ndi mzere, anazungulira mbali ina n'kuweramira pa kolozera, diso lawo labwino lija.

Ndinawaona. Ndinali mapazi atatu okha kuchokera pomwe anali. Ndiye mukudziwa zimene ndinachita? Ndinapinda mawondo, manja pamodzi, n'kuyamba kuti, "Pepani bambo, ndimati mwina..."

"Dikira mwanangu, ndikuchifunafuna," anatero, osachotsa diso.

Kwathu sindinakulire kogwira munthu wamkulu paphewa, wamwamunanso, pagulu. Ndinanenanso kuti pepani. A Dokotala ndi amene analumpha n'kuwakankha mpaka kofia inagwa. Anthu anaseka. Che Saidi nawo anaseka, akuti akuona chinthu chobiriwira, koma palibe chikupweteka. Anabwerera pa makina awo.

Patatha masiku atatu mwini sitolo anaimba foni kuti Che Saidi sakuona bwino. Tinawatengera kuchipatala, ndipo kumeneko anati mkati mwa diso mwapsa, pamalo penipeni pamene munthu amaonera zinthu zing'onozing'ono. Mankhwala panalibe, akuti tingodikira. M'galimoto a Dokotala anandifunsa za chivindikiro, ndinaulula zonse. Sanandichotse ntchito. Anangoti, "Kubisa kwako ndi ulemu wakowo zadya diso la munthu." Bola akanandimenya mbama.

Sabata yotsatira ndinapita ndekha ku Limbe kukapepesa. Ndinawapeza akulimbana ndi singano, mutu atapendeketsa ngati nkhuku, ulusi ukungodutsa pambali. Ndinawalowetsera. Anapalasa makina, msoko n'kupita kwina. Mayi mwini diresi yomwe ankasokayo anaimirira pomwepo, anayang'ana, n'kunena mofatsa kuti, "Basi Che Saidi, mupume kaye." Anapinda nsalu yake n'kumapita.

Ndinagwada pasimenti ndikulira, n'kuwauza kuti ndinawaona akuwerama. Iwo anati, "Ndiye unkapepesa chiyani, mwanangu? Ukanandikalipira."

Mwezi usanathe pakhondepo panali telala wina. Ndinamva kuti Che Saidi anabwerera kwawo ku Machinga, makina anagulitsa.

Mpaka lero ndimayendabe ndi telesikopu m'masukulu. Likakhala tsiku loonetsa dzuwa, kolozera ndimakamasula n'kukasiya kunyumba. Ndipo munthu akaweramira polakwika, kaya ndi abusa kaya a hedi, ndimayamba ndakankha. Ena amati ndine mayi wamwano, ndipo sindiwatsutsa. Pepani ndimanena munthuyo akundiyang'ana ndi maso ake onse awiri.