Polishi Wofiira pa Zikhadabo za Akulu Anga

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza akulu anga, Amake Dalitso, kuchipatala ku Katete, ndipo tinakangana tisanakwere n'komwe minibasi pa Sinda.

Akulu angawa amaluka tsitsi, ndiyo ntchito imene yalera ana awo. Koma chaka chatha zikhadabo zawo zinayamba kuchita timaenje ngati zobayidwa ndi singano. Zina zinakhuthala, zina zinasanduka zachikasu n'kumatukuka kusiyana ndi mnofu. Akamaluka, tsitsi linkakola m'menemo, iwo n'kumadzidzimuka ndi ululu. Makasitomala anayamba kuzemba mmodzimmodzi. Wina anachita kuwauza pamaso kuti, "Amake Dali, pepani, ndikuopa mungandipatsire m'mutu."

Kuchipatala anawauza kuti ndi soriyasisi, matenda a khungu amene amagwiranso zikhadabo, ndipo sapatsirana. Anawapatsa mankhwala opaka n'kuwauza kuti adzabwerenso pakapita miyezi ingapo. Lachiwirilo ndilo linali tsiku lobwererako, koma iwo ankapita kukatsanzika.

"Ndikukawauza kuti basi, ndasiya," anatero tili pa siteji. "Ndapaka mpaka ndatopa, palibe chasintha. Zolukazi ndileke, ndizikalima mtedza kumudzi."

Mtima unandiwawa, chifukwa ndimadziwa mmene amaikondera ntchito yawo. Koma nditayang'ana manja awo ndinachita kukuwa. Zikhadabo zonse psuu, polishi wofiira, wopaka mobwereza!

"Asisi, mwatani kodi? Mukupita ku ukwati?"

"Iwe, ndipite pagulu ndi zala ngati za nkhuku? Kuchipatala munthu amapita atadzikonza."

Musaseke, anzanga. Ndani mwa ife sanachitepo zotere? Timasamba, kudzola, kuvala chitenje cha kutchalitchi, kenaka n'kumayembekeza kuti adokotala alosere okha pamene pakupweteka.

Adokotala ake anali mayi wachitsikana wa nthabwala zake. Ataona manjawo anagwira pakamwa. "Amayi, odwala anga mwandibisira kuti?" Anawapatsa thonje ndi mankhwala ochotsera polishi, ndipo akulu anga akupukuta mwamanyazi, adokotalawo anafunsa kuti, "Nanga mukupeza bwanji?"

"Bwinoko, adokotala."

Ha! Munthu yemweyo amene pa Sinda amati palibe chasintha! Ndinawatsina pantchafu, iwo n'kundiyang'ana ndi diso loti ukaona kunyumba.

Mwamwayi adokotalawo sanadalire mawu. Anatenga chala chimodzichimodzi n'kumachiyang'ana powala. Anatifotokozera kuti chikhadabo chilichonse amachigawa panayi m'maganizo mwawo, n'kuona kuti ndi zigawo zingati zimene zili ndi timaenje kapena kunyenyeka, ndi zingati zimene zatukuka, zakhuthala kunsi kapena zasintha mtundu. Akaphatikiza zala zonse, amayerekeza ndi zimene anapeza tsiku loyamba lija. Atamaliza anati matenda achepa ndithu.

Akulu anga sanakhulupirire. "Achepa pati? Onani kunsongaku, kwaipa ngati kale."

"Inu mukuyang'ana kunsonga, ine ndikuyang'ana kutsinde," anatero adokotala. "Taonani apa, pamene chikhadabo chimamerera."

Tinawerama tonse. Ndithudi, kutsinde kwa chikhadabo kunali kamzere kosalala, koyera bwino, kopanda kadzenje ngakhale kamodzi. Polishi uja ndiye anali atakaphimba.

"Chakale chija sichipola ayi," anapitiriza. "Chimangosunthira kutsogolo mpaka mutachiwenga. Chatsopano ndicho chimatiuza ngati mankhwala akugwira, ndipo kuti chifike kunsonga pamatenga pafupifupi theka la chaka. Mukanasiya lero, mukanasiya zinthu zitayamba kale kuyenda."

Kenaka anafunsa zimene sindinkayembekeza. Kodi mfundo za zala zimatupa kapena kuuma m'mawa? Ayi. Nanga mabatani a bulauzi amamanga ndani?

"Ndikumanga ndekha masiku ano," anayankha akulu anga motsitsa mawu, ngati akudzidabwa. Kale ankachita kuitana mwana wawo wamkazi kuti awamangire.

"Umenewonso ndi muyeso," anatero adokotala.

Sikuti zonse zinali bwino. Zikhadabo za zala zazikulu ziwiri sizinasinthe kwenikweni, ndipo adokotala anawasinthira mankhwala ake. Anawauzanso kuti azisunga zikhadabo zazifupi, asamazikolokose kunsi, ndipo ulendo wotsatira polishi atsale kunyumba.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti kumunda nzeru imeneyi tili nayo. Tikathira feteleza m'chimanga sitiyang'ana masamba akunsi amene anafiira kale, timayang'ana atsopano akumwamba. Nanga pathupi pathu timaiwaliranji? Ndi mankhwala angati amene ali kuseri kwa mawindo athu, osiyidwa pakati chifukwa mwiniwake anati sakugwira? Anayeza ndi chiyani? Ndi diso lotopa, ndi mawu a aneba.

Ndipo tikafika pamaso pa adokotala timasanduka aulemu kwambiri. "Bwinoko" timamuyesa moni. Adokotala akamva choncho n'kusiya mankhwala osathandiza momwemo, tidzaloza ndani chala? Ulemu ndi wabwino, koma ulemu wobisa chilonda ine ndaukana. Muuzeni wokuchizaniyo zimene mukulephera kuchita ndi zimene mwayamba kutha, ndipo muonetseni malowo mmene alili, ngakhale asakongole.

Titabwerera kunyumba, akulu anga sanalankhulenso za mtedza. Anatulutsa mpando pakhonde n'kunena kuti, "Khala apa iwe, mutu wakowo ukundichititsa manyazi."

Anayamba kundiluka pang'onopang'ono, mwamantha. Mzere woyamba, wachiwiri, tsitsi osakola. Pofika pakati pa mutu anali atayambiranso kukoka kwawo kuja kumene ndakhala ndikudandaula nako kuyambira ndili mwana. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

"Ndikukupweteka?" anafunsa.

Ndinatsala pang'ono kunena kuti bwinoko.

"Mukundipweteka kwambiri, asisi," ndinatero. "Musasiye."