A Ngozo ndi Jekete ya Eni

Mukafunsa ku Tsangano kuti a Abednego Ngozo amagwira ntchito yanji ku Joni, akuuzani mosaphethira kuti ndi shefu, mkulu wa ophika mu lesitilanti. Akuonetsani ndi zithunzi pafoni: munthu ali mu jekete yoyera mbee, manja atapinda pachifuwa, nkhope ili ngati ya bwana amene wangochotsa wina ntchito. Koma mutafika ku Fordsburg n'kulowa kanjira ka kuseri kwa lesitilanti ya mayi Asma, kumene kumakhala migolo ya zinyalala, shefu aja mungawapeze atakhala pa kreti, maso ali psu ndi utsi, akutembenuza mabiringanya pa mbaula. Ntchito yawo ndi imeneyo basi, ndipo aigwira zaka zisanu ndi zinayi.

Kumudzi a Ngozo anali a chiwaya, okazinga tchipisi m'mbali mwa msewu. Atatopa ndi kukanganirana makasitomala ndi anzawo, anasiya mkazi wawo Consolata ndi kamwana, Angella, n'kukwera basi. Joni inawalandira monga imalandirira aliyense: kanyumba ka malata ku Kya Sand, ndi kuima pamsewu m'mawa uliwonse kudikira galimoto ya maganyu. Mwayi unabwera kudzera mwa Jerome, mnyamata wa ku Congo amene ankaphika kwa mayi Asma. Mayiyu, wamasiye wochokera ku Syria, ankafuna munthu wodziwa makala.

Tsiku loyamba mayi Asma anatenga biringanya lonenepa, n'kulibaya ndi foloko, n'kuliponya pa makala enieniwo, popanda chiwaya, popanda waya. Khungu litayamba kuda, a Ngozo anadumpha kuti alipulumutse. Mayi Asma anawamenya padzanja.

"Lisiye, Abedi! Lipserere."

Lipserere? Kwathu mkazi akapsereza ndiwo, nkhani imafika mpaka kwa ankhoswe. Kuno munthu wamkulu ndithu, wa lesitilanti yake, akugula makala kuti azipsereza dala! Kuyambira tsiku limenelo a Ngozo anagamula mumtima mwawo kuti anthu amenewa ndalama ali nazo, koma kuphika sadziwa.

Chilungamo chake, wootcha mabiringanya ngati iwo mu Fordsburg monse munalibe. Ankadziwa ndi khutu nthawi yotembenuza, biringanya likayamba kulira kuti tswiii. Ankadziwa ndi chala kuti lafewa mpaka kumtima. Khungu linkatuluka lakuda bii, loyoyoka ngati pepala lopsa, koma mkati muli mofewa, monunkhira utsi. Akatero ankawaika m'beseni, n'kuvindikira, n'kupereka pawindo la khitchini. Mkatimo anthu ankasenda ndi zala, n'kuika pa sefa kuti madzi owawa adonthe, n'kuphwanya ndi foloko. Jerome ndiye ankathira adyo, mchere, mandimu, chitowe chopera ndi yogati wolimba wofinyidwa pansalu, pamwamba n'kudontheza mafuta. Chakudyacho amachitcha mutabali, ndipo amasuwira buledi wopyapyala. Mabiringanya ena ankawadula n'kusakaniza ndi tomato, nkhaka ndi anyezi, yogati pamwamba. Anthu ankachokera ku Sandton ndi magalimoto awo kudzadya zimenezi.

A Ngozo sanalaweko ngakhale kamodzi. Zaka zonsezo! Masana ankatsegula kontena yawo ya mpunga ndi nyemba, n'kukhala chofulatira windo.

"Ine ndidye zopserera zothira chambiko?" ankatero. "Ngakhale galu wa kwathu angayambe wafunsa kuti walakwanji."

Amene ankamva mawu amenewa tsiku ndi tsiku anali Mutsa, mayi wa ana atatu, wathupi ndithu, wosenda mabiringanya ndi kutsuka mbale. Iyeyu anabadwira m'mafamu a fodya ku Zimbabwe, kumene agogo ake a ku Dedza anatchona. Chichewa chake chinkapendekera ku Chishona, ndiye a Ngozo ankamutcha mwana wa mtchona, ngati kuti iwo, munthu woti m'zaka zisanu ndi zinayi anapondako kwawo kawiri kokha, anali china chake. Chinkawanyansanso n'choti Mutsa ankalawa chilichonse. Akasenda, kanyambitako chala. Jerome akathira mandimu, iye kasupuni kali kale m'mbale. A Ngozo ankati kumeneko n'kususuka.

Nanga jekete ya m'zithunzi ija? Inali ya Jerome. A Ngozo ankabwereka kwa mphindi zisanu, n'kuima pafupi ndi firiji, n'kupinda manja bwinobwino pamene panasokedwa dzina la mwini wake. Consolata ankaonetsa zithunzizo ku Mvano, ku chigayo, ngakhale pa maliro. Iye anali mkazi wa shefu, ndipo ankayenda choncho.

Ndiye chaka chino zinthu ziwiri zinagwa mwezi umodzi. Jerome anapeza ntchito ku Cape Town n'kupita ndi jekete yake. Ndipo Consolata anatumiza uthenga woti pasipoti yatuluka, tikiti wagula kale, afika Loweruka. "Mudzandichingamire mutavala yoyera ija, bambo a Angella," anatero mu voisi noti, akuseka. "Ndikufuna ndidzaione ndi maso angawa."

Nanga jekete a Ngozo aitenga kuti? Koma Lolemba mayi Asma anawaitana pamodzi ndi Mutsa n'kunena kuti safuna kulemba mlendo. Mawa aliyense apange mbale yake ya mutabali, ndipo amene achite bwino atenga malo a Jerome, ndi jekete yake yatsopano. A Ngozo anatuluka akuimba mluzu. Kupikisana ndi wotsuka mbale? Mulungu sapatsa pamanja, koma apa anali atawaikira m'thumba mwenimweni.

Lachiwiri m'mawa anaotcha mabiringanya khumi ndi awiri, ndipo sanaotchepo bwino chotero. Asanu ndi limodzi anakankhira kwa Mutsa, enawo n'kulowa nawo okha m'khitchini, mapewa ali m'mwamba. Maganizo awo anali akuti lero awaonetse anthu amenewa kuphika kwenikweni, kwa munthu woleredwa. Anasenda, n'kuona timadontho takuda tatsalira. Anatsegula mpopi.

"A Ngozo, musatsuke," anatero Mutsa chapansipansi. "Utsi wonse upita ndi madzi."

"Iwe, senda zako. Unayamba waphikirapo anthu iwe?"

Anatsuka. Anatsukanso. Anafinya ngati akuchapa matewera, mpaka mabiringanya aja anayera ngati sanaonepo moto. Kenako ananunkhiza yogati, n'kukwinya mphuno. Wowawasa! Nanga kumudzi chambiko amamwa chopanda shuga ndani? Anathira masupuni atatu odzaza, n'kuonjezera kena ka chifundo. Adyo anachepetsa, poti amanunkhitsa m'kamwa. Foloko anaiona kuti ndi ya amphawi, ndiye anakhuthulira zonse m'makina opera, n'kudina mpaka zinasalala ngati phala la mwana. Pamwamba anaikapo duwa la tomato. Kulawa ayi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma uja anayesako kuika m'kamwa.

Mbale ya Mutsa inali yotuwa, ya mabulumabulu, timadontho takuda tili apo ndi apo. A Ngozo anaiyang'ana n'kumumvera chisoni mayi wa eni.

Mayi Asma anabwera ndi buledi, n'kuyamba ndi mbale yoyera ija. Anasuwira, n'kuika m'kamwa, n'kuima. Anatafuna pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva mchenga mu mpunga. Sanalavule, poti ndi munthu waulemu, koma anamwera madzi kapu yathunthu.

"Abedi, walawa zimenezi?"

"Shefu amaona ndi maso, madamu."

"Moto wako uli kuti? Ndakupatsa mabiringanya, iwe wandibwezera phala la shuga."

Anasuwira mbale ya Mutsa, n'kusuwiranso kachiwiri, kachitatu. Kenako anatembenukira kwa a Ngozo, ndipo ananena mokoma mtima, zomwe zinapweteka kuposa kutukwana.

"Ukudziwa chimene chikukoma umu? Ndi moto wako. Mutsa wangousunga, iwe wako wautaya mu sinki. Pa mbaula palibe angakupose, Abedi. Ukhala pomwepo."

Ha! Munthu kumuyamikira n'kumukhomera pa kreti moyo wake wonse. A Ngozo anabwerera kuseri kuja, n'kuyamba kuuza migolo ya zinyalala kuti pachitika zokondera, kuti akazi okhaokha amvana, kuti Mutsa ayenera kuti anayendera. Zoti mwina alaweko kamodzi kuti amve chimene anataya, sizinawafike n'komwe m'mutu.

Lachisanu jekete inafika kuchokera kwa telala. Mutsa anaivala, atsikana operekera zakudya n'kululutira. A Ngozo anasuzumira pawindo, n'kuwerenga masiku, n'kupeza kuti latsala limodzi. Anayenda uku ndi uku. Anakhosomola. Pomaliza anaima pakhomo la khitchini, chipewa chili m'manja.

"Achemwali," anatero.

Mutsa anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwake kwaima munthu wina. Zaka zonsezi anali iwe, lero wasanduka achemwali?

"Paja ndife amodzi, a Dedza ndi a Ntcheu. Mayi a kunyumba akufika mawa. Mungandibwerekeko jeketeyo m'mawa wokha?"

Mutsa akanatha kuwakumbutsa za mwana wa mtchona. Sanatero. Anavula jekete, n'kuipinda bwino, n'kuwapatsira ndi manja awiri.

"Muibweze isanakwane thwelofu, a Ngozo. Koma bwenzi mutangowauza zoona amayiwo. Kuotcha si kuba."

Malangizowo anawasiya pakhomo pomwepo, jekete n'kutenga.

Loweruka m'mawa anali pamalo pamene mabasi a kumudzi amatsitsira anthu, pafupi ndi Park Station, atayera mbee pakati pa onyamula katundu ndi ogulitsa ma SIM khadi. Jekete inawakulira pang'ono m'mimba, koma manja anali atapinda pachifuwa monga mwa nthawi zonse. Basi inalowa itachita fumbi la mayiko atatu. Consolata anatsika miyendo itatupa, chitenje chatsopano m'chiuno, ndipo atawaona anagwira pakamwa.

"Bambo a Angella! Koma ndiye ndi zoona!"

Misozi inalengeza m'maso mwake. A Ngozo anamwetulira, n'kupereka moni ndi mutu wokha, ngati nduna. Apo n'kuti kondakitala akuponya katundu pansi: chikwama chachikulu, ndi thumba la ufa woyera limene mkazi wa eni anavutika nalo m'mabodala onse kuti mwamuna wake adyeko za kwawo.

"Tanyamulani thumbalo, ine msana watha," anatero Consolata.

Thumba la ufa silinyamulika ndi manja opinda. A Ngozo anayesa ndi dzanja limodzi, thumba linakana. Anthu a m'mbuyo anayamba kukuwa kuti apatuke. Anawerama, n'kugwira ndi manja onse awiri, n'kudzuka nalo. Pachifuwa, ndi ulusi wofiira, zilembo zisanu zinali poyera.

Consolata anasiyira sukulu Sitandade 6, koma zilembo zisanu sizifuna satifiketi. Anawerenga kamodzi, n'kuwerenganso milomo ikuyenda.

"Mutsa ndani?"

"Aaa, ameneyo ndi... wakuntchito."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Mkazi, koma..."

"Mkazi." Consolata anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Anandiuza anthu. Anati amuna a ku Joni ukawapeza, uyambe wafunsa amene amawachapira. Ine n'kumakana, ati anga ndi shefu, alibe nthawi ya zimenezo. Mpaka kukulembani dzina lake pamtima, bambo a Angella? Mpaka kudzandichingamira nalo?"

Apa njira zinali ziwiri, ndipo ina inali yaifupi kwambiri. Kungonena kuti mayi a Angella, jekete ndi yobwereka, mwini wake ndi bwana wanga, ine ndimaotcha mabiringanya kuseri. Fordsburg si patali, akanakwera takisi limodzi n'kukamuonetsa kreti, mbaula, ndi Mutsa yemwe. Zikhadabo zawo zakuda zija zikanachitira umboni. Mkazi amene anakwatiwa nawo ali a chiwaya sakanathawa mbaula.

A Ngozo anatsegula pakamwa. Anaona zithunzi zija zikuyenda m'manja mwa amayi a Mvano. Anamva Tsangano yense akuseka kuti shefu uja kani ndi wopsereza ndiwo. Anayeza manyazi awiriwo, a chigololo ndi a mabiringanya, ndipo abale inu, munthu wamkulu ndi ndevu zake anaona kuti a chigololo ndi opepukirako.

"Nkhani zimenezi tikakambirane kunyumba," anatero.

Consolata sanalire, sanakuwe. Anakoka chikwama chake, n'kupita kwa kondakitala amene ankatseka buti ya basi.

"Achimwene, yobwerera ku Malawi inyamuka liti?"

A Ngozo anatsala chiimire, thumba la ufa lili paphewa. Dzanja limene linali lomasuka linakwera lokha, n'kukaphimba dzina lija.