Dalaivala Amene Anakwera Kumbuyo

Ba Nicodemus Kampamba anayendetsa basi ya boma zaka makumi awiri ndi zitatu, kuchoka ku Chilenje kupita m'tauni, osagundako ngakhale galu. Zimenezi ankazinena paliponse: kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kwa ogulitsa makala amene sanawafunse n'komwe. Anali ndi chikalata chaulemu chimene anachiika m'galasi n'kuchipachika pamwamba pa wailesi. Ndiye kampani ya mabasi itatsekedwa, m'zaka zija makampani a boma ankagwa motsatizana, munthu wamkuluyo anapezeka ali pakhonde, kuyang'ana maminibasi akudutsa n'kumapukusa mutu. Chaka chathunthu! Mpando wa pakhondepo mpaka unachita dzenje.

Ntchito inawapeza kudzera mwa mkulu wina wa kumpingo. Kuseri kwa Woodlands, kumene nyumba za mipanda zimathera n'kuyamba tchire, kunali khola lophunzitsira akavalo aang'ono, ena othamanga, ena a mpikisano wodumpha zipika ndi madzi. Kumeneko ankafuna dalaivala wa lole yonyamula akavalowo. Ba Nicodemus anaseka. Munthu amene ankanyamula anthu zana limodzi, ena atalendewera pakhomo, angalephere kunyamula nyama?

Koma kavalo anali asanamuonepo pafupi. Tsiku loyambalo anawaimika pamaso pa kavalo wamkazi wa zaka zinayi, wofiirira, wa mzere woyera pamphumi, dzina lake Lubuto. Mayo ine! Msana wake unkawalekeza m'chibwano. Mitsempha inkaoneka pansi pa khungu, ndipo ntchentche ikatera, khungu la pamalo pomwepo lokha ndi limene linkanjenjemera. Mpweya wa m'mphuno mwake unawafunditsa dzanja lonse. Atayang'ana m'diso lake, lalikulu ngati gwafa, anadziona okha alimo, kamunthu kakang'ono kovala chipewa. Anavula chipewacho osadziwa chifukwa chake.

Wophunzitsa akavalo anali Ba Virginia, mayi wamfupi wolankhula motsitsa, amene anakulira m'khola momwemo poti bambo awo ankasamalira akavalo. Mayiyu ndi amene anawapatsa makiyi a lole.

"Aba si masaka a milisi, Ba Nicodemus," anatero, kutanthauza matumba a chimanga. "Muziyenda nawo pang'onopang'ono."

"Mayo, zaka twente-fili," anayankha iwo akudzigunda pachifuwa. "Olo galu."

Sabata yomweyo anawatuma kukasiya Lubuto ku mabwalo a chionetsero, kuti akazolowere malowo, poti mpikisano wake woyamba unali kubwera pakatha masabata asanu ndi limodzi. Lubuto anakwera lole bwinobwino ngati mwana womvera. Ba Virginia ankatsatira pambuyo ali pa kagalimoto kawo. Ba Nicodemus anayendetsa monga mwa masiku onse: giya msangamsanga, buleki pamphuno penipeni pa maloboti, raundabauti ya ku Kabulonga n'kuizungulira ngati akuthawa mvula. Pagalasi ankaona Ba Virginia akuthwanimitsa magetsi n'kumaliza hutala. Iwo n'kumati mayiyu akuti tachedwa, n'kuwonjezera moto.

Atafika anatsitsa chitseko cha kumbuyo. Lubuto anali thovu lokhalokha, mawondo atasupuka, magazi akuyenderera mwendo wakumbuyo, thupi lonse likunjenjemera. Ba Virginia sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangomanga mabalawo, n'kugwira chingwe, n'kuyamba ulendo wapansi wobwerera kukhola, dzuwa lili pamutu, kavalo akutsimphina pambuyo pawo. Ba Nicodemus anabwerera ndi lole yopanda kanthu.

Kuyambira tsiku limenelo Lubuto akangoona lole ankaimirira ndi miyendo yakumbuyo, maso atatuzuka. Ba Virginia anawaitanira pambali dalaivala uja n'kuwauza mosapita m'mbali.

"Kavalo okana lole sayenda ku mpikisano, ndipo bene ba khola sasunga kavalo wamene sapikisana. Bazamugulitsa ku famu. Na imwe, sibasunga dalaivala wamene akavalo bamukana. Akapanda kukwela pa tsiku lija, muyenda bonse babili."

Madzulo ake kunyumba Ba Nicodemus anadandaula kwa akazi awo, Ba Josephine, amene iwo ankawaitana Bana Chola, ndiye kuti amake Chola, monga iwonso ankaitanidwa Bashi Chola, atate ake Chola. Anati kavaloyo ngwamisala basi, iwo sanagunde kanthu, sanalowe m'ngalande. Ba Josephine anapitiriza kusadzula ndiwo zawo za lepu.

"Bashi Chola, munakwelapo kumbuyo kwa basi yanu?"

"Ningakwele bwanji, ine ndine n'nali kuyendetsa?"

"Ine n'nakwela zaka faifi tikalibe kukwatilana. Pa siteji tinali kukuitanani Ba Mabuleki. Tikaona ndimwe, bamene banyamula mazila banali kuyembekeza basi ina."

"Manje simunaniuze bwanji zaka zonse izi?"

"Tinali kukuwa kumbuyo kuja. Imwe munali kumvela injini."

Anthuni, chakudya cha tsiku limenelo sichinatsike. M'mawa mwake Ba Nicodemus anapita kwa Ba Virginia atanyamula chingwe cha kavalo. Anawapempha kuti awamange manja kumbuyo, awatsekere m'lole muja, ndipo ayendetse ndendende mmene anawaonera iwo akuyendetsa. Ba Virginia analandira chingwecho. Kenako anamanga mfundo, ndipo sanaimange yachifundo.

M'katimo munali mdima ndi phokoso la malata. Munthu sankaona kumene msewu ukukhotera. Pa hampu yoyamba Ba Nicodemus anagwada osafuna. Atadzuka movutikira, dzenje la mumsewu linawaponyera kukhoma. Pa raundabauti ya ku Kabulonga pansi panangowathawa, mlomo n'kukamenya chitsulo, phwa! Pa maloboti anagwa chafufumimba mu udzu wouma. Anagona pomwepo, magazi ali m'kamwa, n'kuyamba kulira. Sikuti ankalira ululu ayi. Ankaona anthu aja: amayi oyembekezera, agogo opita kuchipatala, ana asukulu, onse ataimirira kumbuyo kwawo zaka makumi awiri ndi zitatu. Iwowo bola anali ndi manja ogwirira zitsulo. Lubuto analibe ngakhale chala chimodzi. Anachita manyazi aakulu kwabasi.

Ba Virginia anatsegula chitseko. Anangowamasula n'kuwapatsa kampango kopukutira mlomo. Madzulo amenewo chikalata chija chinatsika pakhoma, ndipo Ba Josephine anadzachipeza kuseri kwa kabati.

Apa ndiye munthu wa imvi anayamba kuphunzira kuyendetsa galimoto. M'mawa uliwonse ankadzaza beseni ndi madzi mpaka m'milomo, n'kuliika pansi kumbuyo kwa lole, ulendo wa ku Chelstone n'kubwerako. Tsiku loyamba anapeza beseni lili chadodolido pakona. Sabata yachiwiri ankabwera ndi theka. Anaphunzira kuyamba buleki maloboti akadali kutali, kulowa pakona ngati akupempha chilolezo, kusintha giya osagwedeza ngakhale chipewa. Maenje onse a msewu umenewo anawaloweza pamtima. Makondakitala a maminibasi ankatulutsa mitu pawindo n'kumakuwa kuti, "Mudala, ni malilo?" Iwo maso pamsewu basi. Sabata yachinayi beseni linabwera lodzadza, kupatula kadontho kamodzi kamene anakapeza pambali n'kukadandaula tsiku lonse.

Masana lole ankaiimika m'bwalo la Lubuto, chitseko chili pansi, monga anawalangizira Ba Virginia. Iwo ankakhala m'katimo n'kumadya mbatata yawo, osamuyang'ana kavaloyo, osamuitana. Masiku khumi oyamba Lubuto ankaima kutali, makutu ali njo. Kenako anayamba kudya udzu moyandikira. Tsiku lina anaponda chitseko ndi phazi limodzi, n'kulumpha chobwerera atamva kulira kwa thabwa. Tsiku linanso Ba Nicodemus anangomva mpweya wofunda pakhosi, chipewa chawo n'kugwa. Sanatembenuke. Anangokhala duu mpaka kavaloyo anatuluka yekha. Koma kukwera lole yoima ndi zina. Palibe amene ankadziwa chimene chidzachitike injini ikadzalira.

Tsiku la mpikisano Lubuto anaima katatu pachitseko paja. Kachitatuko anapumira m'mwamba, n'kulowa. Ba Virginia anakhala kutsogolo pambali pa dalaivala, manja ali pamawondo, khutu lili kumbuyo. Lole inanyamuka mwakuti munthu sakanadziwa nthawi imene matayala anayamba kuzungulira. Pofika ku Kabulonga magalimoto anali atandanda pambuyo pawo, mahutala ali pii, pii, bwana wina wa tayi mpaka kutulutsa chibakera pawindo. Ba Nicodemus thukuta linali kamukamu, koma phazi lawo silinasunthe. Kumbuyo kunali zii. Bata limenelo linkawaopsa kuposa phokoso. Kodi wagwa? Kodi wakomoka?

Atafika, Ba Virginia ndi amene anamasula loko n'kutsegula. Lubuto anali chiimire, phazi limodzi lakumbuyo atalipinda, mlomo wam'munsi uli lende, kaudzu kakulendewera pakamwa. Maso anali otseka. Kavalo uja anali m'tulo!

"Ba Nicodemus," ananong'ona Ba Virginia, "mwamugoneka."

Masana ake Ba Nicodemus anaima kuseri kwa chingwe pafupi ndi dziwe lodumphira, pamodzi ndi Ba Josephine amene anabwera pa minibasi atanyamula chikwama chachikulu. Asanamuone kavaloyo anayamba kumumva m'nsapato, nthaka ikugunda. Kenako anatulukira m'mitengo, Ba Virginia atawerama pamsana pake ngati kachikwama, mphuno zili bwanthu, zigulumwa za dothi zikuuluka pambuyo. Patsogolo pake panali chipika chofika munthu m'chifuwa, kuseri kwake madzi. Lubuto anapinda miyendo yakutsogolo n'kunyamuka. Kwa kamphindi chinyama chonsecho chinali m'malere, osakhudza kalikonse, mawondo a zipsera aja atafika kuchibwano. Kenako khuvu! Madzi anamwazika mpaka kuwanyowetsa malaya. Ba Nicodemus anapezeka agwira dzanja la akazi awo pagulu, zimene anali asanachitepo chikwatirane.

"Lesa wandi," anatero, kuitana Mulungu wawo. "Ichi chinthu n'chamene n'nali kugwetsa monga saka?"

Lubuto sanapambane tsiku limenelo, anathera pachinayi. Koma kufamu sanapite, ndipo Ba Nicodemus anayendetsa lole ija zaka zina khumi ndi chimodzi, mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Ana a akavalo onse a m'kholamo ulendo wawo woyamba ankayenda ndi iwo, ndipo dalaivala aliyense watsopano ankayamba wakwera kumbuyo, manja atamangidwa.

Koma chimene iwo ankakonda kusimba atakalamba si zimenezo. Ankasimba za madzulo a tsiku lija, Lubuto atakwera kale, pamene Ba Josephine anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pampando osapempha. Anapisa m'chikwama chija n'kutulutsa thireyi ya mazira, yodzadza. Anaikhazika pamwamba pa dashibodi, pamalo oterera, n'kupinda manja awo pachifuwa.

"Tiyeni, Bashi Chola," anatero. "Nayembekeza basi iyi zaka zambili."