Nsomba Zouma Zilibe Magazi

Ndili mu giredi 8, anamwino anabwera kusukulu kwathu ndi mapepala. Anati boma likupereka kwa atsikana katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, koma kholo liyambe lasaina.

Amayi anawerenga pepalalo akusanja nsomba za ku Chanyanya pakhonde pathu ku Nangongwe.

"Khomo la chiberekero," anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Iwe, khomo si ija amatseka? Afuna akutseke usakabale. Sinizasaina."

Ndinayamba kufotokoza zimene tinaphunzira m'kalasi la sayansi.

"Zikomo ba dokota. Manje kachapeni."

Loweruka lililonse wochapa ndinali ine. Pansi pa ndowa ndinapeza chitenje chawo chokulungidwa zolimba, chili ndi madontho ofiirira. Kanali kachitatu motsatizana. Nditafunsa, anayankha osandiyang'ana: "Ni magazi ya nsomba."

Chaka chimenecho amayi ankagulitsa zouma zokhazokha.

Anamwino aja ananenanso kuti mayi akamataya magazi nthawi yosakhala yake asazengereze, akapimitse ku kiliniki. Mawuwo ndinali nditawalemba kumapeto kwa kope langa la zochitika za tsiku ndi tsiku. Ndinayamba kuikapo kamtanda Loweruka lililonse. Timitanda titakwana tisanu, ndinaika kopelo pamiyendo pawo. Kwathu mwana salankhula za chitenje cha mayi ake, choncho mawu anandituluka monong'ona.

"Amayi, nsomba zouma zilibe magazi."

Sanandikalipire. Zimenezo ndiye zinandiopsa kwambiri.

Lolemba sanapite kumsika. Anavala nsapato za kutchalitchi n'kutuluka osanena kumene akupita. Anabwerako masana ine nditangoweruka.

"Uziba, ku kiliniki apima na viniga," anatero. "Monga ndine machipisi."

Anaseka okha, kuseka kosafika patali. Kenako anati vinigayo akakhudza malo odwala, pamayera. Pawo panayera, pakulu ndithu, moti anawapatsa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu ku Lusaka.

"Leta pepala yako ija."

Anasaina mokanikiza mpaka bolopeni inaboola pepala.

Ndinabayidwa Lachinayi, mkono n'kulemera masiku awiri. M'kope ndinalemba kuti amayi adzachira, popeza tadziwa. Kalata ija inali m'Baibulo lawo, tsiku lolembedwamo likadali milungu itatu kutsogolo. Loweruka lotsatira ndinapeza m'ndowa muli mayunifomu anga okha. Zitenje zawo anali atachapa kale okha, n'kuziyanika m'nyumba.