Thobwa la pa chinkhoswe cha mng'ono wanga

Mng'ono wanga atapeza banja, abale anagwirizana kuti zakudya za pa chinkhoswe ndiyang'anire ine. Tinakonza zoti pakhale mpunga, nyama ya mbuzi, nyemba, kabichi wokazinga ndi saladi, komanso nkhuku zachikuda za alendo akuchimuna. Achimwene anga anabweretsa makireti a zakumwa, koma anali ochepa. Anthu ambiri tinati amwa thobwa.

Chimera cha mawere ndinakonza ndekha. Chimene chinavuta ndi mosungira, chifukwa ndowa zanga zinali zosakwana. Ndinagula mgolo wapulasitiki wabuluu pamsika wa Songani. Wogulitsayo anati munkakhala mafuta ophikira. Ndinautsuka ndi sopo ndi madzi otentha, n'kuuyanika padzuwa.

Tsikulo kunatentha koopsa. Mbuzi imene tinapha inali yokalamba, ndipo nyama inakana kufewa. Alendo akuchimuna, ochokera ku Naisi, anafika m'mawa, koma mpaka dzuwa kupendeka anali asanadye kanthu. Ndinauza amayi ondithandiza kuti tiwapatse kaye thobwa podikira chakudya. Kapu yoyamba ndinapereka ndekha, nditagwada, kwa amalume ake a mwamuna wofunsira mng'ono wangayo, omwe ndiwo anali ankhoswe a mbali imeneyo. Anali bambo onenepa, ovala jekete lakuda. Polandira, dzanja lawo linkanjenjemera ndipo thukuta linali kamukamu, koma ine ndinangoti ndi kutenthaku.

Ndisanafike kukhitchini ndinamva mpando ukugwa. Potembenuka ndinaona bambo aja ali pansi, thobwa litawatayikira pamalaya. Ankawaitana koma sankayankha. Nyimbo zinazimitsidwa. Mlongo wawo, yemwe ndi mayi ake a mwamunayo, anaimirira n'kundiloza.

"Mwawapatsa chiyani achimwene anga?"

"Thobwa, mayi. Lomweli akumwa enawa."

"Nanga bwanji agwa atangomwa? Kunyumba achoka ali bwinobwino."

Anthu anayamba kuika makapu pansi mmodzimmodzi. Mayi wina anamulanda mwana wake kapu n'kumupisa chala kukhosi kuti asanze. Anyamata awiri akuchimuna anapita kukaima pakhomo la khitchini, pafupi ndi mgolo uja.

Apo m'pamene maganizo anga anapita pa mgolowo. Migolo yabuluu ngati imeneyo ena amasungiramo mankhwala a kumunda. Zoti munali mafuta ndinangouzidwa, sindinaone ndi maso. Ndinakumbukanso kuti ana anga anamwa thobwa lomwelo m'mawa, ndipo ndinkawafufuza m'chigulumo koma sindinkawaona. 

Achimwene anga anandiyandikira n'kundifunsa chapansipansi, "Achemwali, thobwali munalawa?"

"Ndinalawa lili m'poto. Chithirireni mumgolo sindinalawe."

Iwo anati, "Ndiye imwani pompano anthu akuona. Mukapanda kutero sindikudziwa kuti zitha bwanji."

Ndinatola kapu imene anamwera bambo aja, ndinatunga mumgolo, n'kumwa lonse.  Thobwalo linali lotsekemera ngati mmene limakhalira, komabe pomeza ndinkafunafuna kafungo kachilendo. Nditamaliza ndinakhala pankhuni.

Bambo aja anawanyamulira m'galimoto ya mphunzitsi wina woyandikana nafe. Achimwene anga ndi mlongo wa bambowo anapita nawo kuchipatala. Otsalafe tinangokhala. Nyama ija inafewa, mpunga unapsa, koma panalibe wopempha mbale. Ntchentche zinayamba kutera pasaladi. M'nyumba mng'ono wanga ankalira atavala kale zovala zake za chinkhoswe, ndipo sindinalimbe mtima kukamuona. Anthu ankandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndigwe. Inenso ndinkadzimvetsera. M'mimba mukangolira pang'ono, ndinkati basi zayamba. Ana anga anatulukira kuchokera kumtsinje akuseka, osadziwa kanthu. Ndinawakoka, kuwagwira pamphumi, kuwafunsa ngati m'mimba mukupota. Iwo ankangodabwa.

Kenako foni yanga inaitana. Anali achimwene. Ndinaopa kuyankha, mpaka mayi wina wa kumpingo kwathu anandigwira paphewa kuti ndiyankhe.

"Atsitsimuka," anatero achimwene. "Ndi matenda a shuga. M'mawa anadzibaya jakisoni poganiza kuti akangofika adya. Anamwino akuti shuga anatsika chifukwa cha njala. Akuti thobwalo akanamwa msanga mwina sakanagwa n'komwe."

Ndinapereka foni kwa bambo wina wakuchimuna kuti amve yekha. Iye anafotokozera anthu. Anyamata aja anachoka pakhomo la khitchini.

Mwambo unachitika madzulo omwewo, bambo wina ataimirira m'malo mwa odwalawo. Koma anthu ambiri anali atabalalika, ndipo otsalawo anadya mpunga ndi nyama, thobwa osalikhudza. Tinakalitaya kudzala.

M'mawa mwake ndinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro n'kupita nalo kuchipatala. Ndinawapeza bambo aja atakhala pabedi, mlongo wawo ali pambali. Ndinaima ndi kontena yanga m'manja, osadziwa ngati alandira.

"Bweretsani kuno, mayi," anatero. "Matendawa ndinkawabisa, ngakhale achemwali angawa sankadziwa. Ndakuvutitsani."

Anadya phala lonse. Mlongo wawo sanandiyang'ane kumaso, koma potuluka anandiperekeza mpaka pageti.

Ukwati utafika, mbali zonse ziwiri zinagwirizana zolemba ganyu anthu ophika ochokera ku Zomba. Anabwera ndi mapoto awo ndi mbale zawo, ndipo ine ndinakhala pampando pamodzi ndi alendo.