Mphika wa Mankhwala Pachipata cha a Dou

A Tan Guizhi anabadwira m'mapiri a ku Gansu, nakwatiwa kutsidya kwa mtsinje womwe ankatungako madzi ali mwana. Moyo wawo wonse unathera pa muzu wa dangwi, mankhwala obwezera magazi. Chipale chofewa chikasungunuka ankawokera mbande, nyengo ya mvula n'kumapalira chogwada, chisanu choyamba chikawaula masamba n'kukumba. Mizuyo ankaimanga m'mitolo, kuipachika kudenga, n'kuifukiza ndi utsi wa mapesi a nyemba. Fungo lake linawalowerera m'tsitsi ndi m'zovala, moti m'basi anthu ankadziwa kwawo iwo asanayankhule.

Mudzi wonse unali ndi mphika umodzi wadothi wophikira mankhwala. Mwini wake anaiwalika kalekale. Mphikawo ukabwerekedwa subwezedwa, pakuti kupita nawo pakhomo pa munthu n'kumutulira matenda. Wodwala akachira umangokhala pakhonde, mpaka wina wousowa adzautenge yekha.

Chaka chimenecho unakhalitsa kwa a Guizhi. Amuna awo anamweramo nyengo yonse yozizira, namwalira mapichesi atangoyamba maluwa. Kuchokera apo palibe anabwera kudzautenga. Anthu ankati wamwa imfa.

Tirigu atayamba kucha, mwana wawo Yulan, wokwatiwa kubanja la a Dou kumtunda kwa mudzi, anachira mwana wamkazi. Khandalo linali bwino, koma Yulan anataya magazi ambiri. Milomo inayera, mkaka unkatuluka wochepa, akati adzuke chizungulire chinkamubweza pabedi. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi. Dokotala wa zitsamba naye anabwera, namugwira mtsempha wa padzanja, namuona lilime, n'kusiya timaphukusi ta mizu ndi makungwa.

A Guizhi atapita kukamuona m'chikuta, anapeza mayi Dou, apongozi a Yulan, akuwiritsa mankhwalawo m'poto wachitsulo. Madzi anali atada bii.

"Asewere, chitsulo chimadya mankhwala," anatero a Guizhi. "Mukumumwetsa dzimbiri mwanayu."

"Ndiye mukufuna mphika wanu uja, unaperekeza amuna anu? Pakhomo pano pali khanda. Tigula watsopano tsiku la msika."

"Msika uli kutali, mwana akufooka lero. Amuna anga anawapha ndi fodya, osati dothi. Tumani Wenhai akautenge."

"Wenhai sapita. Inunso musayerekeze kuulowetsa muno."

Wenhai, mwamuna wa Yulan, anangoima pakhomo, maso ali pa nsapato zake. Potuluka, a Guizhi anatola kaphukusi kamodzi patebulo onse akuona.

M'mawa mwake anatsuka mphika uja, nauika m'dengu pamodzi ndi nkhuni ndi botolo la madzi a pakasupe, naubereka. Inali nthawi imene anthu amatsikira kuminda ndi zikwakwa. Ataona chimene chinali m'dengumo anapatukira m'mbali. A Guizhi sanafulumire. Atafika pachipata cha a Dou anaima panja, mumsewu, nasanja miyala, naviika mizu, nakoleza moto.

Mayi Dou anatuluka manja ali ufa okhaokha.

"Mwapenga kodi? Dzulo ndinati chiyani?"

"Munati usalowe, ndipo sunalowe. Uno ndi msewu. Kapena msewunso munaukwatitsira mwana wanu, asewere?"

Mkulu wina wodutsa ndi bulu anaseka. "A Guizhi, mwatsegula malo odyera?"

"Khalani pamzere, achimwene. A ulesi ndiphika pambuyo."

Mayi Dou anamenyetsa chipata. A Guizhi anakhala pansi. Moto anayamba nawo waukulu, madzi atabwata anasolola nkhuni kuti azingowira pang'onopang'ono. Dzuwa linakwera, mithunzi ya mitengo inafupika. Fungo lowawa, lotsekemera pang'ono, linakwera mpanda n'kugwera m'bwalo. M'nyumbamo khanda linkalira kulira kwa mwana wosakhuta.

Madzi atatsala ochepa, anakweza mawu osatembenuka, kuyankhula kwa mkamwini wawo Wenhai.

"Apongozi, mwambo ndikuudziwa, ndinakula nawo. Mphika sindilowetsa. Koma mbale ikhoza kutuluka ngati mwini wake ali ndi miyendo. Akazizira awa ndiphika ena. Mawa mundipeza pompano, mkuja pompano, tirigu wanga zimudye mbalame. Chipale chidzandikwirira pachipata panu, mudzachite kundifukula ndi fosholo."

Kenako anamva mayi Dou akutchula dzina la mwana wawo motsitsa, mochenjeza. Anatchulanso, mokweza. Chipata chinatseguka pang'ono, ndipo Wenhai anatuluka ndi mbale, makutu ali psu. Sanacheuke.

A Guizhi anayala kansalu pambalepo, nasefa mankhwala mpaka dontho lomaliza.

"Gwirani ndi manja awiri," anatero. "Amwe akadali otentha, asapumire ngakhale akuwawa. Madzulo mutulukenso, mizu yomweyi imaphikidwa kawiri."